Mkazi Amene Analawa Kaye

Lolemba, 4 Ogasiti

Nyumba yatha anthu. Omaliza kuchoka ndi alamu anga, ndi chikwama chawo ndi malangizo awo. Mipando yobwereka yabwezedwa. Nsapato za mwamuna wanga, Wabodza wanga, zikadali pakhomo, zoloza kunja.

M'mawa ndatulutsa makapu awiri. Manja sanamvebe za maliro.

Koma chikundidya si nsapato. Ndi mkazi uja wamatiketi wa kumyuziyamu, kumene mwamuna wanga ankaonetsa alendo zinthu zakale. Kulira kwake kumanda, ngati wamasiye ndi iyeyo. Kenako kuimirira, ati akumbukire malemu ndi nthano yawo ya mmene mzinda uno unapezera dzina. Mkazi wapachitsime. Nthano yanga! M'kamwa mwake, milomo yopaka zofiira, anthu onse akumva.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Mabuku onse patebulo. Zaka zimene ndagulitsa mabuku m'sitolo muja ndawerenga chilichonse chonena za dzina la mzinda uno. Wina akuti linachokera ku bango lomera kumtsinje. Wina akuti linali la wosula makasu amene anayamba kukhala kuno. Buku lopanda chikuto lija likuti ndi la njoka yaikulu imene inkaletsa anthu kuwoloka. Mkazi wapachitsime mulibe. Sangapezekemo. Anamupeka Wabodza pasiteji ya basi, mvula ikugwa, ine ndili mtsikana wokana kumuuza dzina langa.

Mkazi ankatunga madzi n'kumapatsa apaulendo. Wapaulendo wina ankabwera tsiku lililonse ndi ludzu lonamizira. Mapeto ake anamanga kanyumba pomwepo. Ena anatsatira. Anthu akafunsidwa kumene akupita ankangotchula dzina la mkaziyo, ndipo mpaka lero lili pamabasi onse. "Iyi ndi yako wekha," anatero. "Sindidzauza wina."

Kuti ndi wabodza ndinkadziwa, dzinalo ndinamupatsa ndine. Koma pa ichi chokha ndinamukhulupirira.

Loweruka, 9 Ogasiti

Alamu pafoni. Ndinawauza. "Mlamu, nsanje mpaka kumanda? Achimwene anga ndi mimba ija, akanawatola ndani kupatula inu?" Ndinaseka. Nditadula foni ndinalira.

Mpope wakubafa ukudontha. Sindidziwa amene ankamuitana kudzakonza.

Chakudya chamasana ndinkamupakira ine. Ankadya ndi ndani? Kaofesi kamatiketi n'kakang'ono, mipando iwiri, mawondo kugundana. Kodi pomuuza nthanoyo ankatsitsa mawu ngati pasiteji paja? Ankakweza chala chija akafika pa ludzu lonamizira?

Sindinapsepo mtima chonchi ali moyo. Wandisiyira mkangano, iye n'kupita.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Abwana akumyuziyamu anabwera kudzandiona. Munthu wofatsa, chipewa pamawondo. Akufuna kuika chikwangwani chatsopano pakhomo, chofotokoza dzina la mzinda. Akomiti ena akuti alembe za bango, poti ndi zimene zili m'mabuku. Iwo akufuna nthano ya mkazi wapachitsime, dzina la malemu pansi pake. Amene anayambitsa ganizoli ndi wamatiketi. Inde, winanso ndani.

Ati nthano ndi ya malemu, ndiye mawu omaliza ndi anga.

Ndinati alembe za bango. Ndinatchula ndi mabuku ake, ndi masamba omwe. Mawu anga osalala ngati ndikugulitsa dikishonale. Anandiyang'ana kanthawi n'kuvala chipewa. Wolemba zikwangwani ayamba Lolemba la pa 25.

Bango. Mwamuna wanga ankati amene amakhulupirira za bango sanakondepo munthu.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Masiku apitawa panalibe cholemba. Ndinabwerera kuntchito. Makasitomala kundilankhula chonong'ona ngati ndikudwala.

Lero ndinapita kumyuziyamu kukatenga ambulera yake ndi jekete. Ndinangozindikira ndili pakhomo kuti m'katimo ndinalowamo kalekale, tisanakwatirane. Nthano zake ndinali nazo kunyumba, ndikalipirirenji tiketi?

Ndinapeza ana asukulu atakhala pansi m'chipinda chachikulu, pafupi ndi mtsuko wosweka wa m'galasi. Wowafotokozera, wamatiketi. Ndinaima kumbuyo kwa chipilala. Ndinkafuna ndimve mmene akuiwonongera.

Sanaiwononge. Koma si imene ndinapatsidwa ine. Yakula.

Mkazi wapachitsime tsopano ndi wamanzere. Akakwiya sakalipa, amang'ung'udza nyimbo akutsuka mitsuko yoyera kale. Amaopa nkhuku koma njoka ayi. Chala chake chaching'ono n'chopindika, chinathyoka ali mwana. Ndinabisa dzanja m'thumba.

Kenako wamatiketi anafunsa kuti mkaziyo asanapereke madzi kwa wapaulendo ankatani. Ana onse pamodzi, ngati kutchalitchi: "Ankalawa kaye!"

Tiyi aliyense amene ndinamupangira m'banja lathu lonse ndinkayamba ndalawa kuti ndimve shuga. Ankadandaula tsiku lililonse, ati msonkho wa tiyi. Ndiye ana a anthu osawadziwa akuimba zimenezo mosangalala, ena mano ogweluka.

Ambulera ndinaiiwala komweko.

Loweruka, 23 Ogasiti

Dzulo sindinamalize.

Wamatiketi anandiona. Ana atatuluka anandiitanira mu kaofesi kake. Mipando iwiri, monga ndinaganizira. Wa Wabodza ndi wa khushoni yophwanyika. Ndinakhalapo ndisanauzidwe.

Ali pafupi ndi wamkulu kuposa mmene ndinamuonera kumanda. Imvi m'mbali. Zofiira za pamilomo zotsika mtengo, zolowa m'makwinya.

Anapanga tiyi. Anatakasa, n'kukweza kapu yanga, n'kulawa, n'kundipatsa.

Ndinafunsa mosazungulira, ine amene sindifunsa munthu kanthu, kuti chimenecho anayamba liti. Anayang'ana kapu ngati waiona koyamba, kenako kuseka mpaka misozi. "Amayi, muno tonse timalawa. Alonda, osesa, ngakhale abwana. Anatiwononga ndi amuna anu!"

Ati Lolemba lililonse malemu ankabwera ndi kanthu katsopano ka mkazi wapachitsime. Onse ankadziwa kumene akuzitenga. Nditadwala chaka chija, mkazi wapachitsime anadwalanso, ana asukulu mpaka kufunsa ngati achire.

Nditanyamuka anawonjezera, maso ali pamatiketi: "Ine ndakhala pampando uwu zaka zonsezi kumvera za mkazi wina. Nsanje musandiphunzitse, ndimaidziwa."

Ndiye ankamukonda. Za iyeyo ndatsimikiza. Za Wabodza sindidzadziwa, ndipo womufunsa palibe.

Nsanje sinathe, yangosamuka. Iwo anandimva ndikusimbidwa ndi pakamwa pake mlungu ndi mlungu. Ine ndinkangomva za msonkho wa tiyi. Alonda akudziwa mmene ankandionera kuposa ine mwini.

Lolemba, 25 Ogasiti

Basi yoyamba. Ndinapeza wolemba zikwangwani atajambula kale mizere ndi choko, mawu oti bango ali poyera. Ndinamupempha afufute. Anadandaula, ati akazi amasiye ndi makomiti ndi amodzi, sadziwa chimene akufuna. Abwana anangomwetulira.

Alembe nthano yonse. Wamanzere, chala chopindika, nkhuku, kulawa. Dzina la mwamuna wanga pansi. Ndawauza awonjezere kamzere kakang'ono koti mabuku amanena za bango. Ndine wogulitsa mabuku, sindingasiye.

Wamatiketi anandiperekeza mpaka pageti, ambulera ili m'manja. Anandifunsa chinthu chimene ana amafunsa nthawi zonse: tsiku limene wapaulendo anasiya kunamizira ludzu, anamuuza chiyani mkaziyo? Ati malemu akafika pamenepo ankangoyang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yatha. Zaka zonsezi. Ankaganiza kuti mwina sanapeke.

Anapeka. Pasiteji paja, mvula ikudontha pa kolala yake, basi yathu ikutisiya.

Wamatiketi anadikira. Ndinamuona akudikira, maso ali pakamwa panga. Ndinalandira ambulera, n'kumuthokoza chifukwa cha tiyi.

Ngakhale muno sindilemba.