Majini a Mwanahalima

Lolemba, 14 Julayi 2025

ANDITENGA!! Alhamdulillah, anditenga.

Imelo yafika ndili pamjigo. Ndangowerenga mzere woyamba, ndowa n'kuzisiya pomwepo, mpaka Amayi achita kukazitenga okha. Dr Talandira Msusa akundifuna mu labu yawo ku Cape Town, zaka ziwiri za digiri ya masitazi. Ine Ummy wa ku Mwadzama, amene chimalizire digiri chaka chatha ntchito yanga ndi kuyanika mpunga ndi kuthamangitsa nkhuku.

Mayi ameneyu ndakhala ndikumutsatira kuyambira ndili ku koleji. Anayamba ndi kulera maselo a khungu m'timbale, kenako anasamukira ku maselo a m'mafuta a m'mafupa, aja amabala magazi onse a m'thupi. Pano amawatenga, n'kukonza jini limodzi lolakwika (gene pa Chingerezi, aja timatengera kwa makolo), n'kuona ngati ayamba kubala magazi abwino. Cholinga chake ndi kuchiza sikoselo. Matenda a achemwali anga a Mwanahalima. Pa intaviyu Dr T anandifunsa chimene ndikufunira ntchitoyi. Ndinati ndatopa kufunditsa madzi oika m'botolo pamiyendo ya mkulu wanga, ndikufuna kuchita china. Anaseka.

Akufuna yankho pofika Lolemba likudzali. Langa lilipo kale, latsala la Ababa. Mwalamulo ndine wamkulu, nditha kungonyamuka, koma ndimawadziwa Ababa. Nditapita asanalole, sadzakalipa ayi, adzangosiya kunditchula dzina. Zimenezo sindingakwanitse.

Ali kumaliro ku Kanyenda, abwera mawa. Ndalephera kudikira, ndathamangira kukhitchini komwe Amayi anali ndi Azakhali a Zainab, alongo awo a Ababa. "Ndikupita kunja kukaphunzira kukonza majini!" Amayi agwira pakamwa. Azakhali akuti, "Subhanallah, zimenezi zilinso ndi sukulu?" Ndati eya, yunivesite yeniyeni. Sindinakhale n'komwe pansi, ndinali kale panja kuimbira anzanga.

Lachiwiri, 15 Julayi

Tsiku lonse ku boma, zithunzi za pasipoti. Wojambulayo wandibweza katatu ati ndikumwetulira kwambiri. Ndiye nditani?

Pobwera ndapeza mayi wina amene sindimudziwa atakhala pamphasa ndi nkhuku yoyera yomanga miyendo. Wandigwadira. INE. Akuti mwana wake wamkazi amagwa kusukulu n'kumayankhula mawu achimuna, ndiye wamva kuti kuno kuli mtsikana wophunzira amene amawatha majini.

Apa m'pamene zinandilowa. Majini. Kukoleji timangoti jini, majini, palibe amatembenuka. Kuno majini ndi aja amagwira anthu, aja amathamangitsidwa ndi ubani ndi kuwerengeredwa Kurani. Ndipo ine mawuwo ndinawapereka m'manja mwa Azakhali a Zainab, wailesi ya mudzi uno!

Ndamufotokozera mayiyo kuti apite naye mwanayo kuchipatala akamuyeze. Wavomera ndi mutu, koma maso ake akuti ndikungokana kuti andinyengerere. Nkhuku ndamubwezera. Azakhali andinena kuti ndilibe ulemu, mphatso sabweza.

Ndaseka mpaka misozi. A Mwanahalima ndiye achita kugwira nthiti, akuti ndisiye ndiwapha. Ababa afika mochedwa, otopa, sindinawayambe.

Lachitatu, 16 Julayi

Ndawononga. Ndilembe momwe zinayendera kuti ndidzaseke m'tsogolo, chifukwa lero sindikuseka.

Ndawatsatira Ababa pakhonde la golosale pamene amasokera. Ndapereka salamu, ayankha osakweza mutu, phazi lili pa makina.

"Ndamva ukufuna kukaphunzira za majini."

"Eya Ababa, koma si majini amene mukuganizawo."

"Onse amatero. Aliyense amati ake ndi abwino."

"Awa ndi ang'onoang'ono, saoneka ndi maso."

"Ndikudziwa kuti saoneka."

"Amakhala m'thupi mwa munthu, m'magazi momwe."

"Zimenezonso tinaphunzira ku madrasa."

Apa ndinayenera kukhala chete. Koma ine ndi kukhala chete! "Ababa, aliyense ali nawo! Inunso muli nawo. Anga ndinatengera kwa inu!"

Makina anaima. Anavula magalasi, n'kuwapinda bwinobwino. Akuti, "Ine ndimaitana azana, kuitanira anthu ku mapemphero, pa mzikiti uja. Mwana wanga waima pamsika n'kunena kuti ndili ndi majini." Kenako akuti mawu amenewo asawamvenso, panyumba kapena pena paliponse, ndipo za ulendo ndiiwale. Ndinayesa kuwaonetsa chithunzi cha DNA pafoni. Anangochiyang'ana kamodzi n'kuti, "Njoka ziwiri zopotana. Chotsa."

Zaka zinayi za digiri, ndalephera kufotokozera bambo anga mawu amodzi.

Lachinayi, 17 Julayi

Nkhuku ina. Yakuda. Iyi Azakhali aibisa ndisanaibweze.

Lachisanu, 18 Julayi

Mwera wavuta, kukuzizira, ndipo a Mwanahalima adzuka ndi ululu m'mawondo. Si waukulu uja wothamangira nawo kuchipatala, koma wokwanira kugona tsiku lonse. Ndawapatsa mankhwala, madzi ambiri, botolo lofunda. Azakhali asuzumira pakhomo n'kuyamba nyimbo yawo yakale: majini a kuchimayi awa, anabwera ndi Asiyatu kuchokera kwawo ku Nkhunga. Amayi, Asiyatu akunenedwawo, anali pomwepo akupeta mpunga. Sanayankhe. Sanayambe ayankhapo chibadwire ine.

Ababa abwera kuchokera ku Juma, mapemphero a Lachisanu, nkhope ili gwa. Akuti akuluakulu awiri awakokera pambali kuwafunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo akukalowa using'anga kwa azungu.

Ndinakhala pamphasa pafupi ndi achemwali ndikudandaula kuti Lolemba layandikira. Iwo akuti, "Vuto lako Ummy umayankhula ngati minibasi yothamangira pasenjala. Ababa Chingerezi chako sakuchifuna. Unayamba wawaona akukana kumvetsera nkhani ya nsalu?"

Kenako anandifunsa, maso ali kudenga, "Zimene ukukaphunzirazo, ine zidzandipeza?"

Ndinafuna kunena kuti eya. Ndinawauza zoona: kunja anthu ena achira nazo kale, koma mtengo wake ngwoti ngakhale boma lingagwe nawo, ndipo ntchito ya Dr T ndi kufufuza njira yoti zitsike zifike kwa anthu ngati ife. Mwina zaka khumi, mwina kuposa. Sindikudziwa.

Akuti, "Ndiye ukuchedweranji pano? Pita kaphike tiyi, uganize za nsalu."

Loweruka, 19 Julayi

Ndalawirira pakhonde paja Ababa asanatsegule makina. Ndalumbira mumtima kuti liwu lija silituluka. Ndatenga patani yawo ya yunifomu ya sukulu, ija anadula pa katoni ya sopo, n'kuiika pabenchi.

"Ababa, patani iyi italakwika pakhwapa pokha, malaya angatuluke bwanji?"

Andiyang'ana mokayikira, koma funso la nsalu sangalisiye. "Onse athina pakhwapa. Ngakhale usoke zana."

"Ndiye mungakonze malaya amodziamodzi?"

"Ndine wamisala? Ukonza patani."

Ndinawauza pang'onopang'ono, ngati ndikuwoloka mtsinje wodzaza: m'mafupa mwa munthu muli atelala ang'onoang'ono amene amasoka magazi tsiku lililonse. Aliyense ali ndi patani. Ya a Mwanahalima inalakwika malo amodzi, ndiye magazi amatuluka opindika ngati chikwakwa, n'kumakodwa m'mitsempha. Ululu uja ndi umenewo. Kumene ndikupitako amatulutsa atelalawo, n'kukonza pataniyo, n'kuwabwezera m'thupi mwa mwini wake.

Anakhala nthawi akutembenuza katoniyo. "Osasintha munthuyo? Osakhudza ana amene adzabereke?"

"Ayi. Magazi ake okha."

"Ndiye ndi mankhwala basi."

"Ndi mankhwala basi, Ababa!"

"Nanga bwanji sunanene choncho? Za ziwandazo zinalowa bwanji?"

Ndinati pataniyo pa Chingerezi dzina lake limamveka ngati liwu lija munaletsa. Anayesa kulimbitsa nkhope koma masharubu anawapereka. Anaseka mpaka kutsokomola, wagolosale anachita kutuluka kudzaona. "Ndiye ukuti ine ndili nawo?" "Ambirimbiri, Ababa." "Astaghfirullah," uku akupukuta misozi.

Ndinkaona ngati zatheka. Ndinali nditayamba kale kulemba yankho la Dr T m'mutu. Kenako anafunsa, "Patani yolakwikayo Mwanahalima anaitenga kuti?"

Ndikanatha kuzemba. Koma anafunsa ngati telala, ndinayankha ngati wa labu. Mwana amalandira patani ziwiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo. Ikalakwika imodzi yokha sadwala, inayo imagwira ntchito. Kuti adwale, zonse ziwiri zikhale zolakwika.

"Zonse ziwiri."

"Eya."

"Ya kwa mayi ako. Ndi ya kwa ine."

Sanasekenso. Anaika katoni pansi, n'kulowetsa ulusi pa singano, n'kuyamba kusoka. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinanyamuka ndekha.

Lamulungu, 20 Julayi

Palibe mawu ochokera kwa Ababa. Adya, aswali mapemphero awo, apita kumunda wa chinangwa kumene sapitako masiku ano. Ndalemba yankho la eya, lili mufoni, chala chikuyabwa. Ndalembanso la ayi kuti ndione mmene likuonekera. Ndalifufuta msanga, limanunkha.

A Mwanahalima adzuka, ayenda mpaka pamjigo. Akuti ndikapita ndikawagulire jekete lenileni, osati la pa kaunjika. Ndati ngati ndipite. Akuti, "Iwe, Ababa akakwiya amasoka. Akapita kumunda ndiye kuti akuganiza."

Lolemba, 21 Julayi



M'mawa tonse tinali pabwalo, tiyi ndi chinangwa chophika. Azakhali a Zainab afika monga mwa masiku onse, nthawi ya chakudya yeniyeni. Aona a Mwanahalima atafunda bulangete n'kuyamba: "Koma majini a ku Nkhunga awa, mpaka liti..."

Ababa anaika kapu pansi.

"Achemwali, khalani pansi ndikuuzeni. Majini a Mwanahalima theka ndi anga."

Azakhali anatsala pang'ono kutaya tiyi. "Sulemani, wapenga? Mtsikanayu wakudyetsa chiyani?"

"Anga. A kwathu. Ndinawatenga kwa Ababa kapena kwa Amayi athu, ndiye mwina inunso muli nawo. Ummy, n'zotheka?"

"N'zotheka ndithu, Ababa." Ndinayankha mwaulemu wonse umene ndili nawo, koma m'mimba ndikuvina.

Azakhali anayamba kulavula malovu uku ndi uku, akuti iwo chibadwire sanagwepo, sanayankhulepo Chiarabu kutulo. A Mwanahalima analowetsa mutu m'bulangete, bulangete lonse likugwedezeka. Ababa anawafotokozera za patani, mwa njira yawo, ndipo kunena zoona anafotokoza bwino kuposa ine. Anawonjezamo ndi za ulusi zimene ine sindinanene.

Atamaliza anatembenukira kwa ine. "Aja a ku Cape Town wawayankha?"

"Ndimadikira inu."

"Lero si Lolemba? Ukudikira chiyani? Iwe zonse umathamanga, pofunika kuthamanga wakhala pansi."

Ndinatumiza pomwepo, chinangwa chili kukamwa. Yapita. YAPITA.

Nditakweza mutu ndinaona Amayi. Nthawi yonseyi anali pambali ndi lichero lawo. Analiika pansi, n'kukonza mpango kumutu, n'kuyang'ana Ababa.

"Abambo ake a Mwanahalima, paja mwati theka ndi la ndani? Khutu ili silimva bwino. Tabwerezani."

Ababa anayang'ana m'kapu mwawo, kenako anayang'ana Amayi. Anabwereza.