Chimkuzamawu Chathu Chinachita Ndale pa Maliro a ku Nathenje

Msonkhano wa Komiti ya Maliro N'kulirana, Mitundu
Tsiku: Loweruka, 14 Sepitembala 1996
Malo: Khonde la golosale ya a Wahabu
Amene analipo: a Chipulumutso Mtambalika (Wapampando), a Wahabu Saidi (Wachiwiri), a Lydia Mtambalika, a Noah Chagwira, a Efulemu Kadzakumanja, Margret Nkhwazi (Mlembi)
Opepesa: a Umi Saidi

1. Dandaulo
A Noah anati pa maliro a bambo awo, pamene mbiri ya malemu inkawerengedwa, chimkuzamawu cha gulu chinayamba kuulutsa nkhani za pawayilesi zotamanda chipani chimene malemuwo ankadana nacho. Anati abale ena sakuwalankhulabe. Wapampando anati a Efulemu, amene anapanga makinawo, anachita dala, choncho achotsedwe m'gulu ndipo asiyenso kukonzera mawayilesi pakhonde lino.

2. Yankho
A Efulemu anati ali ndi ana asanu ndipo alibe kwina kogwirira ntchito. Anati kabolodi ka m'kati mwa makinawo mbali imodzi n'kokutidwa ndi mkuwa, ndipo mkuwawo umatchinga mawu a m'mlengalenga kuti asalowe. A Wahabu anafunsa kuti mawuwo amakhala akudikira pati masiku onse. A Efulemu anati paliponse, ngakhale pakhonde pano. Mamembala anayang'ana kudenga.

A Noah anafunsa ngati mkuwawo umatchinga mawu a zipani zonse kapena chimodzi chokha. Anayankhidwa kuti zonse, nyimbo ndi mpira womwe. Anafunsanso chifukwa chake unalola chipani chimenecho chokha. Mlembi sanamvetse yankho lake, ndipo akukayika ngati alipo anamvetsa.

3. Kuona makina
A Efulemu atatsegula makinawo anati mkuwa palibe. Wapampando anati umenewo ndiwo umboni. A Wahabu anafunsa kuti umboni wa chiyani. Wapampando anati wa nkhani yonse.

Apa a Lydia anati sangalole kuti gulu lizinamizidwa kuti silisamala katundu. Anati makinawo ankasungidwa kunyumba kwawo, ndipo "abambo akunyumbawa" (ndiye kuti amuna awo, Wapampando) ataona kuti kabolodiko kachita dzimbiri lobiriwira, anakapala ndi sandipepala monga amachitira ndi malimu a njinga pa ntchito yawo, mpaka kanayera kuti mbee. Anapempha komiti kuti iwathokoze. A Noah anayamba kuwomba m'manja koma analekeza panjira.

4. Chigamulo
Wapampando anati ndemanga ya a Lydia yatuluka kunja kwa mutu, isalembedwe. Mlembi anafunsa kuti ayambire pati kusalembako, koma Wapampando anangoitanitsa mavoti. Anthu atavota zochotsa a Efulemu, mkono unakwera umodzi, wa a Lydia, amene anati ankaganiza kuti tikuvotera kuthokoza kuja. A Efulemu atsala m'gulu ndi pakhonde. Adzamata mkuwa wina, ndipo makinawo azisungidwa kwa a Wahabu.

5. Zina ndi zina
A Noah anafunsa kuti apite ndani ku Nathenje kukafotokozera abale awo, poti iwo sangathe kubwereza za mkuwazo. Onse anagwirizana kuti apite Wapampando, atenge kabolodiko ndi sandipepala yemwe.

Msonkhano wina udzakhalapo Loweruka loyamba la Okutobala. Tinatseka nthawi ya 4 koloko madzulo ndi pemphero la a Efulemu, limene linali lalifupi.

Mlembi: Margret Nkhwazi
Wapampando: (anati cholembera aiwala kunyumba, nakana kubwereka changa)