Ukwati wa Esinati Wopanda Ankhoswe

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, ndipo chifuwa cha amayi chapepukako. Mvula yabwera, tiyi waphukira, tikuthyola mpaka zala kuchita dzanzi.

Nkhani ndi ya mwana wanga Esinati. Loweruka aphunzitsi a ku mishoni anaonetsa sewero lakale la Angelezi, la anthu okondana koma osazindikirana. Esinati anamuveka kabudula ndi chipewa ngati mnyamata, ife n'kuseka mpaka misozi. Pomaliza anavula chipewa chija, ndipo Wilisoni, uja amasonkha moto ku fakitale ya tiyi, anamugwira dzanja. Wina wovala mkanjo wa abusa n'kuyamba kuwadalitsa.

Achimwene, mutu unandizungulira. Ndinaimirira n'kukuwa kuti, "Iyayi! Amalume ake ali ku Joni, ankhoswe palibe!" Bwalo lonse linafa nalo phwete, ngakhale adona a bwana wa esiteti. Aphunzitsi anadzandinong'oneza kuti, "Khalani pansi mayi, n'zongoyerekeza."

Ndinakhala pansi mwamanyazi, koma maso anga sanachoke pa dzanja la mwanayo. Anthu atatha kuomba m'manja, awiriwo anali asanatayane. Zimenezo aphunzitsi sanawaphunzitse ayi.

Lamulungu amalume a Wilisoni anafika pakhomo, chipewa chili m'manja. Ndawauza kuti mwini mbumba ndinu. Mnyamatayo samwa, ndipo amayi amamukonda. Chonde yankhani msanga, Esinati sakudya bwino. Pobwera mudzatenge nsalu yoyera. Ulendo uno sindidzakuwa, ndidzangolulutira.

Mulungu akusungeni kumgodiko.

Ndine mlongo wanu,
Meliya