Kakhola ka Taiga

Loweruka, mwezi wa Juni, kuno ku Bangwe.

Lero manyazi andigwira, ndipo mpaka pano sanandichoke.

M'mawa ndinaona kuti Taiga, galu wanga wamng'ono, akutsimphina. Sindinafufuze n'komwe. Ndinangolunjika kwa mayi a Tereza, neba wathu, n'kuwakalipira pamaso pa anthu kuti ana awo amugenda. Iwo anangosiya zochapa zawo n'kunditsatira kudzamuona.

Atafika anasuzumira m'kakhola kake. "Bambo a Chisomo, galuyu amatuluka nthawi yanji?"

Ndinawauza kuti usiku wokha. Chibwerere ndale za matipate, akuba achuluka, ndiye anzanga kuntchito anandilangiza kuti galu ukamamutsekera mumdima amakula waukali.

"Kakholaka munakhoma akadali kamwana," anatero. "Iye wakula, koma iko sikanakule. Aimirira bwanji umu? Nanga ana anga akanamugenda bwanji ali mkati?"

Ndinagwada n'kuyang'ana bwino. Msana wake ukugunda denga, miyendo yakutsogolo yayamba kupindika.

Kupepesa ndapepesa, koma anthu amene anandimva ndikukalipa aja sanandimve ndikupepesa.

Lolemba ndipita naye kwa dokotala wa ziweto. Kaya miyendoyo iwongoka, sindikudziwa. Madzulo ano ndazula chitseko cha kakholako kuti aziyenda pabwalo. Anatuluka, anandinyambita dzanja, n'kutsimphina mpaka pampopi. Kenako anabwerera yekha mumdima muja n'kudzipinda monga ndinamuzoloweza. Ndayesa kumuitana, koma akungondiyang'ana...