Zikhadabo za Jeki

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo, poti kupuma tikupuma. Mkazi wa achimwene Yohane adachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo adamutcha dzina lanu, Agnesi, ngakhale mphuno ndi ya kwa amake. Chimanga chidakana chaka chino, feteleza tidathira mochedwa. Mtedza wa kumunda wa kuphiri wokha ndiwo watichotsa manyazi. Za fodya musandifunse, chigafa chidagwa ndi mvula ya mu Malichi.

Koma chimene ndakulemberani si chimenecho. Ndi Jeki, galu wanu uja. Ndamuwononga, Amayi, ine ndemwe.

Tsiku lija tinkapita nanu kuchipatala ku Mponela, mudandigwira mkono n'kunena kuti, "Esinati, galuyo usamutaye, ndi mnzanga wa kumunda." Ndidavomera. Titakuikani, Jeki adayamba kupita kumanda m'mawa uliwonse n'kukagona pamtumbira panu. Inu mukudziwa za kwathu kuno, kumanda sapitako chisawawa, ngakhale galu. Amalume adabwera kawiri kudzandiuza kuti anthu akung'ung'udza, ati galuyo afukula manda, ati akuitana maliro ena. Ndidachita mantha. Ndidagula tcheni n'kumumangirira pamtengo wa mapeyala kuseri kwa khitchini. Ndinkati pakatha sabata ziwiri aiwala. Ayi ndithu, ndikangomumasula, liwiro la kumanda. Ndiye ndidasiya kumumasula. Miyezi isanu ndi itatu, Amayi.

Chakudya sindidamumane, madzi ndinkamuikira, moti ndinkadziyesa munthu wosamala. Zoti zikhadabo za galu zimafuna kuwenga, m'mutu mwanga mudalibe. Kale ankakutsatirani tsiku ndi tsiku panjira ya miyala yokwera kuphiri, zikhadabo zinkatha zokha. Nanga padothi lofewa la kuseri kwa khitchini zikadathera pati? Ndipo Loweruka mukakhala pakhonde, mutu wake uli pamwendo panu, lezala m'manja, mukuwenga kachikhadabo kam'mbali kaja kosagunda pansi, ine ndinkakusekani. Ndinkati mwasowa chochita, kukongoletsa galu ngati mkwatibwi. Inu munkangoti, "Galu sanena pomwe pakumuwawa, umachita kumugwira phazi." Ine phazi lake sindidaligwirepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Sabata yatha ndidaona kuti sakudzuka kudzalandira chakudya, akungonyambita mwendo wakutsogolo. Nditautembenuza, mayo ine! Zikhadabo zidakula n'kupindika ngati nyanga za nkhosa. Ziwiri zidalowa m'mnofu wa kuphazi, kam'mbali kaja kadazungulira n'kuboola mwendo. Mafinya, fungo, mphutsi. Ndidathamangira lezala, ndipo posadziwa polekezera ndidadula mozama, magazi chuchuchu. Jeki adalira ngati mwana, koma sadandilume. Bola akadandiluma.

Alangizi a ziweto adabwera Lachiwiri panjinga yamoto. Adadula zotsalazo, adatsuka, adamubaya jakisoni, kenako adandiuza mosabisa kuti chilonda chafika pafupa, galuyo ndi wokalamba, ndisayembekeze zambiri. Adandifunsa chifukwa chimene sindidawaitanire msanga. Safunsa adadya phula, munkatero inu, koma phulalo walidya ndi Jeki.

Tcheni ndidachotsa tsiku lomwelo. Ndinkati athamangire kwa inu monga kale, anthu anene zonena zawo. Adadzuka, adayenda pang'ono kuloza njira ya kumanda, n'kugwa pafupi ndi nkhokwe. Kuyambira pamenepo sadadzukenso. Phala akukana, ngakhale usipa sakuununkhiza. Amangoyang'ana njira ijayo.

Zovala zanu tidagawana, ine ndidatenga chitenje chobiriwira chokha. M'nyumba mwanu achimwene akusungiramo matumba a mtedza. Chimene chidatsala chikukufunanibe m'mawa uliwonse ndi galuyu basi, ife tonse tidazolowera. Chinthu chimodzi chokha mudandisiyira, ndipo ndidachimanga pamtengo chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Chisoni chandigwira, Amayi, komanso manyazi, moti ku Misa Lamulungu ndidakhala benchi ya kumbuyo. Ndikudziwa kuti sachira, ndipo sindidzinamiza.

Mawa m'mawa ndimukulunga m'chitenje chanu chija, ndimubereka, ndibwera naye kumanda. Amalume akalipe, sindikapempha chilolezo kwa munthu. Ndikamugoneka pamtumbira panu, ndipo ndikulonjeza kuti sindichokapo mpaka atapuma. Akafika kwa inu akutsimphina, mumugwire phazi monga munkachitira. Musamukalipire kuti wachedwa, Amayi. Ndine ndidamumanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati