A Juwawo awakweza sitima

Lachitatu. Chiperoni tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunapeze mtendere.

Lero asilikali awakweza a Juwawo sitima ku Limbe, kuwabweza kwa Apwitikizi. Akuti analowa mozemba, chonsecho chiphaso chawo ndinachiona ndi maso angawa, chidindo chili pomwepo. Bambowa anabwera kuno njanji isanafike. Ndiwo anandiphunzitsa kupala matabwa, iwo akuimba Chisena, tikugawana chinangwa chootcha pansi pa mbawa.

Pasiteshoni ndinaima m'mbali mwa sitima. A Juwawo anasuzumira pawindo n'kunena kuti, “Mwanawe, chitseko cha amayi amasiye aja ku Naperi sindinamalize. Ukachikhome, mphepo ikuwalowera m'nyumba.”

Mawa ndipita kukakhoma. Koma amayiwo akakandifunsa kuti mmisiri wawo ali kuti, kaya ndikayankha chiyani.