Amayi Saomba M'manja

Lolemba, 6 Okutobala

Vovo afika, ndiye kuti agogo m'Chipwitikizi. Ndi bambo awo a madamu, achokera kwawo ku Portugal, ndipo mutu wawo sukuyendanso bwino. Basi, ine Theresa ndawonjezeredwa mwana wachitatu, wa imvi. Madamu akuti ndi kwa kanthawi chabe. Ee, tinazimvapo zimenezo.

Koma abale! Ndikuwavula nsapato, andiyang'ana n'kuti, "Muli bwanji?" Ndinatsala pang'ono kugwa chagada. Chinyanja, pamwamba pa nsanja ku JLT kuno, m'dziko la Aluya, chotuluka mkamwa mwa mzungu! Madamu akuti ali mnyamata anali msilikali ku Mozambique, nthawi imene a Frelimo ankamenyera ufulu. Akuti anachita kuwakakamiza.

Lachitatu, 8 Okutobala

Dzina la mwana wawo amaliiwala, koma nkhondo ayi. Pakadzutsa amandandalika ziwiya patebulo, madamu n'kumamasulira maso ali pafoni. Supuni yaikulu ndi tawuni ya Mueda. Mafoloko ndi asilikali zikwizikwi amene anakazinga misasa ya Frelimo kumpoto mu 1970, nkhondo imene amaitcha Nó Górdio. Misasayo analandadi, koma anapeza eni ake atasamuka, ndipo nkhondo inakatulukira ku Tete. Akafika pamenepo Vovo amakokera kabotolo ka mchere pambali. "Tete. Cabora Bassa. Furancungo."

Furancungo! Kwawo kwa amayi anga kumeneko. Anathawira ku Dedza ali kamtsikana. Ndinangotola mbale ngati sindinamve.

Lachinayi, 9 Okutobala

Chinyanja chawo chonse ndi ichi: muli bwanji, madzi, khalani pansi, ombani m'manja. Chomalizachi andiuza lero ndikuwapatsa mankhwala. Ine kupusa, ndaomba, mpaka kuvinako pang'ono. Iwo sanaseke. Anangoti maso tong'o pa manja angawa, kenako anadzikodzera.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ofu yanga. Ndinapita ku Karama kwa Selinah, mnzanga wa ku Chipata, kuti ndikaimbire kumudzi pa apu ya Botim momasuka. Ndinaimba pafoni ya Stellah, mng'ono wanga, ndipo za Vovo ndi "ombani m'manja" wawoyo ndinawafotokozera amayi ngati nthabwala. Zii. Ndimayesa ndi netiweki.

Chibadwire sindinawaonepo amayi akuomba m'manja. Kutchalitchi ayi, paukwati wa Stellah ayi. Ngakhale polandira mphatso amangogwira pachifuwa. Anthu ankawanena kuti ndi amwano, ifenso tinkachita nazo manyazi.

Lero anena chifukwa chake. A Frelimo anali ataphulitsa galimoto la asilikali pamsewu. M'mawa mwake asilikali anasonkhanitsa mudzi wonse pabwalo. "Anati khalani pansi, tinakhala. Anati ombani m'manja mutsanzikane ndi dziko. Tinaomba, mwanawe, ine ndinkayesa masewera." Mfuti zitayamba kulira, amayi anapulumuka chifukwa azakhali awo anawagwera pamwamba. Achimwene awo a Kizito anali atawapatula kale, atawasenzetsa katundu wa asilikali. Sanaonekenso.

"Umufunse mzunguyo anakawasiya pati. Ngakhale anene mtengo wokha, ndidziwe."

Selinah akuti, "Khalas, basi zakwana, iwe, chokamo m'nyumba ija." Ndichoke ndilowere kuti? Viza ili m'manja mwa madamu.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndafunsa ndikuwawenga zikhadabo. Timanja tofewa.

"Vovo, Furancungo. Mnyamata, Kizito. Ali kuti?"

"Madzi."

Ndawapatsa madziwo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Kuchipatala ku Oud Metha. Tikudikira dokotala ndinalimba mtima, ndinapempha madamu kuti andifunsireko m'Chipwitikizi. Nkhope yawo inasintha. Akuti asilikali anali ambirimbiri, bambo awo ankangoyendetsa galimoto, ndipo dokotala analetsa kuwakumbutsa zoterezi. Anandisisita paphewa, akuti pepa za amayi ako.

Mwina ndi zoona. Ndikudziwa chiyani ine? Koma woyendetsa galimoto mawu amene aja anawaphunzirira chiyani? Sindinafunse. Ndinapepesa ndine.

Mtima ukundiwawa. Ndikufuna kudana nawo Vovo, koma ndi munthu woti ndikapanda kuwapukuta pakamwa amakhala choncho tsiku lonse.

Loweruka, 18 Okutobala

Stellah akuti amayi sakudya, akungofunsa ngati ndayankhidwa. Tsopano akufuna afunse okha pavidiyo. Akuti mwana sangafunse bwino nkhani ya akuluakulu. Ndakana. Aimbanso, ndakananso.

Lamulungu, 19 Okutobala

"Ndinakupemphapo chiyani chibadwire chako?" Atero amayi.

Lolemba, 20 Okutobala

Madamu ali kuofesi, ana kusukulu. Ndinawakhazika Vovo pampando wa pawindo, n'kuimika foni patsogolo pawo.

Amayi anali atavala duku lawo lopitira kutchalitchi. Anaima pakhonde, Stellah atawagwirira foni. Anapereka moni mwaulemu wonse, "Muli bwanji, bambo?" Vovo anamwetulira. "Muli bwanji." Ndinati mwina Mulungu watikumbuka.

"Bambo, sindinabwere ndi mlandu. Ndikufunsako za mnyamata wina wa ku Furancungo, wamtali, wa mpata kumano. Munamusenzetsa katundu."

Vovo anasendera pafupi ndi foni. Anawayang'anitsitsa. Kenako anawongoka msana, mawu n'kutuluka ena, a munthu wamphamvu, amene sindinawamvepo m'nyumba muno.

"Khalani pansi!"

Amayi anakhala. Padothi pomwepo, mpando uli pambali.

"Ombani m'manja!"

Ndinakuwa kuti amayi musatero. Sanandimve. Anaomba. Pang'onopang'ono, molongosoka, maso ali gwa, ngati mwana wouzidwa ndi aphunzitsi. Stellah akulira kuti amayi siyani. Ine kufunafuna podulira foni, osapapeza. Vovo anali atabwerera kale mwakale, akuseweretsa batani la malaya.

Za a Kizito sananene kanthu.

Stellah walemba posachedwapa. Akuti akumawagwira manja amayi, akawasiya akuyambiranso kuomba.

Vovo akuitana. Akuti madzi.